Kumvetsera Mbale Zakale za Soul ndi Khutu la Woyimba

NYIMBO YOTSEGULIRA: Green Onions, Booker T. & the M.G.'s. Ilire masekondi 40, kenako itsike pansi pa mawu.

MUULUTSI: Akuluakulu ena, ndikudziwa, phazi layamba kale kugunda pansi, pakuti limba limeneli munalimva muli anyamata ndi atsikana. Achinyamata nanunso khalani pomwepo, musasunthe wailesiyo.

Lero tili pa nyimbo za soul, zimene anthu akuda a ku America anajambula kuyambira cha m'ma 1954 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Tiziyika kuti zilire, inde, koma tizizidukizanso. Oyimba ali ndi chilankhulo chawo. Mukaima pakhomo pamene bandi ikuyeserera, mumva wina akuti riff, wina akuti bridge, wina akudandaula kuti mnzake wathamangitsa tempo. Liwu lililonse pamenepo ndi dzina la chinthu chimene khutu lanu limamva kale, kungoti palibe anakulozerani. Kwa ine, malo abwino ophunzirira mawu amenewa ndi mbale za soul, chifukwa zambiri zinajambulidwa anthu owerengeka ali m'chipinda chimodzi, akuyang'anizana, ndipo chida chilichonse chimamveka pachokha.

Tiyambe ndi imene ikulirayi. Mwamva kachidutswa kamene limba ndi besi zikubwereza, kukwera pang'ono, kutsika, n'kuyambiranso? Kameneko ndi riff, kachigawo kakafupi kamene chida chimabwereza mpaka nyimbo yonse itatsamira pa iko. Muno mulibe woyimba ndi pakamwa, ndiye nyimbo yotere amaitcha instrumental. Inajambulidwa mu 1962 ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee, pa kampani ya Stax ya Jim Stewart ndi mlongo wake Estelle Axton. Situdiyo yawo inali holo yakale yoonetseramo kanema pa msewu wa McLemore. Pa limba panali Booker T. Jones, mnyamata wa zaka 17 zokha, pa gitala Steve Cropper, pa besi Lewie Steinberg, pa ng'oma Al Jackson. Cropper anali mzungu, anzake atatuwo akuda, mumzinda umene tsankho linali lidakali pachimake.

Masiku amenewo nyimbo inkatuluka pa kambale kakang'ono kozungulira maulendo 45 pa mphindi, ndipo anthu ankangokatcha 45, kapena single. Kambaleko kanali ndi kumaso ndi kumsana. Kumaso, ku A-side, ankaikako nyimbo imene kampani ikuidalira kuti igulitsa. Kumsana, ku B-side, nthawi zambiri kunkapita yongodzazira malo. Green Onions inabadwira kumsana. Anyamatawa anali atajambula nyimbo ina yodekha, Behave Yourself, ndipo pankafunika ina yoperekeza. Oulutsa mawu a ku Memphis atatembenuza kambaleko, omvera anakonda yoperekezayo, kampani n'kusintha nkhope za mbale.

NYIMBO: I Got a Woman, Ray Charles. Masekondi 50.

MUULUTSI: Tabwerera m'mbuyo zaka zisanu ndi zitatu. Uyu ndi Ray Charles mu Novembala 1954, akujambula mumzinda wa Atlanta. Amene mumayimba m'kwaya mwamva fungo la tchalitchi m'menemu, ndipo simunaphonye. Ray anatenga kayimbidwe ka nyimbo zauzimu za m'mipingo ya anthu akuda, zimene amazitcha gospel, n'kuvekamo mawu a chikondi cha mwamuna ndi mkazi, pamodzi ndi malipenga a nyimbo zovinira za rhythm and blues. Alaliki ena anakwiya kwambiri, ati wanyamula za kuguwa n'kupita nazo kumowa. Mkwiyo umenewu unali woopedwa ndithu. Sam Cooke, amene ankatsogolera gulu lauzimu la Soul Stirrers, atatulutsa nyimbo yake yoyamba yakudziko mu 1957 anabisala m'dzina lakuti Dale Cook. Palibe anapusitsika, pakuti mawu ake anthetemya aja sakanabisika. Chaka chomwecho anatulutsa You Send Me m'dzina lake lenileni ndipo inafika pamwamba penipeni pa ndandanda wa nyimbo zotchuka ku America.

Kutchalitchiko soul inanyamulako zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzidziwa maina. Choyamba sichachilendo kwa inu: mmodzi atsogolera, gulu livomera. Oyimba amati call and response. Ifenso pamaliro, pachinkhoswe kapena pagule timayimba molandizana chomwecho, ndipo akatswiri a mbiri ya nyimbo amagwirizana kuti kayimbidweka kanawoloka nyanja pamodzi ndi akapolo ochokera ku Africa. Mu soul wovomerayo sakhala munthu nthawi zonse. Woyimba akatulutsa mzere, malipenga amamuyankha, kapena gitala. Mukadzamvera Sam & Dave a ku Stax, tcherani khutu m'mipata imene iwo akupuma. Mupeza kuti mpata uliwonse muli woyankha.

Chachiwiri ndi melisma. Apa woyimba amagwira chidutswa chimodzi cha liwu n'kuchiyendetsa pa mamvekedwe ambiri, kukwera nacho, kuchipinda, kutsika nacho, asanapite ku chidutswa chotsatira. Aretha Franklin, mwana wa mbusa C. L. Franklin wa mpingo wa New Bethel Baptist ku Detroit, atajambula chimbale chauzimu m'tchalitchi china ku Los Angeles mu Januwale 1972, anayimba Amazing Grace kwa mphindi zoposa 10. Mawu ndi omwewo amene mpingo umamaliza mosachedwa, koma iye chidutswa chilichonse anachikhalira. Pano ndinenepo zanga. Oyimba ambiri a masiku ano anatengera kupinda mawuku osatengera chifukwa chake, ndiye amapinda paliponse, mzere uliwonse, mpaka womvera kutopa. Sam Cooke ankapinda pang'ono, pamene mawu a nyimbo afika polemera, kwinako n'kumayimba mowongoka.

Tsopano ndikupempheni ntchito. Ngati manja anu ali ndi mpata, tiwerenge limodzi: wani, thu, fili, folo, wani, thu, fili, folo. Nambala iliyonse pamenepo ndi beat, kugunda kumodzi. Zinayizo pamodzi ndi bar imodzi. Liwiro limene tikuwerengera ndiye tempo. Tiwerengenso, koma muwombe m'manja pa thu ndi pa folo pokha, pa wani ndi fili mungogunda phazi. Mwamva mmene thupi layambira kugwedezeka? Kuwomba kwa pa 2 ndi pa 4 kumeneko ndiko backbeat, msana wa nyimbo za soul. Woyimba ng'oma amaponda ng'oma yayikulu ya kuphazi pa 1 ndi 3, n'kumenya kang'oma kothetheka, ka snare, pa 2 ndi 4. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: wina akatsitsa munsi mnzake wakweza, ndipo mtondo sukhala chete.

NYIMBO: In the Midnight Hour, Wilson Pickett. Mphindi imodzi ndi masekondi 15.

MUULUTSI: Pa nyimbo iyi tichedwapo, chifukwa ikutiphunzitsa chimene pepala la manambala silingaphunzitse. Mu Meyi 1965 Jerry Wexler wa kampani ya Atlantic ku New York anabwera ndi Wilson Pickett ku Memphis kuti adzajambule ndi bandi ya ku Stax. Pickett ndi Steve Cropper anapeka nyimboyi ku Lorraine Motel, malo ogona amene ankalandira anthu akuda, pomwe patapita zaka zitatu, pa 4 Epulo 1968, Martin Luther King anawomberedwa. Ali mu situdiyo, Wexler sanakhutire ndi mmene bandi inkayendera. Iye sanali woyimba chida, ndiye anatuluka m'kachipinda ka makina n'kuyamba kuvina pamaso pawo gule wa achinyamata wa nthawiyo wotchedwa Jerk, bambo wa zaka zoposa 40, kuti aone pamene thupi likugwera. Al Jackson ndi Cropper anamva chimene ankafuna. Anachedwetsa kugunda kwa pa 2 ndi pa 4 pang'ono zedi, kochepa koti simungakayeze ndi wotchi ya pamkono, pamene 1 ndi 3 anazisiya pamalo pake.

Oyimba amati kumeneko ndi kuyimba behind the beat, kutsalira dala kumbuyo kwa kugunda. Tempo sinasinthe, nyimbo sikuchedwa, koma snare imafika ngati ikukokedwa, ndipo thupi la wovina limadikira kanthawi kenako n'kugwera. Ng'oma, besi ndi gitala, zimene pamodzi amazitcha rhythm section, zikamvana chotere mpaka osafunanso kuyang'anana, amati bandi ili mu groove. Liwu limeneli anthu amalitchula ngati ndi matsenga, koma mwaona kuti pano linachokera pa anthu ochepa kugwirizana kuti kang'oma kachedwe pang'ono. Amene mumapanga nyimbo pa kompyuta mukudziwa kuti makina amakuikirani kugunda kulikonse pamzere weniweni. Ndi zaukhondo, koma mukafuna kuti imveke ngati ya ku Memphis, muyenera kusuntha snare ija ndi dzanja, muibweze m'mbuyo pang'ono.

Ndipo kumbukirani kuti ku Stax zonse zinkalowa pa tepi nthawi imodzi. Kuyimba nyimbo kamodzi kuchokera poyambira mpaka pothera, makina akujambula, ndi take imodzi. Wa lipenga akaphonya pakati, onse ankayambiranso. Manoti olembedwa sankawadalira kwenikweni. Woyimba wa kumeneko Otis Redding ankangowayimbira a malipenga ndi pakamwa chimene akufuna, iwo n'kuchigwira pamtima.

Tikwere kumpoto tsopano, ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto.

NYIMBO: My Girl, The Temptations. Masekondi 45 oyambirira.

MUULUTSI: Berry Gordy anayambitsa kampani imene inadzakhala Motown mu 1959 ndi ngongole ya madola 800 yochokera kubanja kwawo. Anali atagwirapo ntchito pa fakitale ya galimoto, ndipo nyimbo anaziyendetsa chimodzimodzi: opeka pawo, oyimba zida pawo, ophunzitsa kuvina pawo, ndipo sabata iliyonse pankakhala msonkhano woweruza kuti ndi nyimbo iti ituluke. Nyimbo ankaziyesanso pa timasipika tating'ono, podziwa kuti achinyamata akazimvera pa wailesi ya m'galimoto kapena ya m'manja. N'chifukwa chake maseche amamveka kwambiri m'nyimbo za Motown: amaboola ngakhale pa wailesi yotchipa.

Chimene mwayamba kumva chija, woyimba asanalowe, ndi intro, malonje a nyimbo. Woyamba kulowa ndi James Jamerson pa besi, kenako Robert White pa gitala akukwera makwerero: do, re, mi, so, la, do. Mamvekedwe asanu amenewo, opanda fa ndi ti, ndi pentatonic scale. Kachidutswa ka gitalako kangolira kawiri, inu mwadziwa kale kuti ndi nyimbo iti. Chinthu chotere, chokola khutu, kaya ndi cha gitala kaya ndi mawu obwerezabwereza, ndicho hook.

Nyimboyi anaipeka Smokey Robinson ndi Ronald White, ndipo iwo omwewo ndiwo anali ma producer. Apa anthu amasokoneza maudindo atatu. Wopeka amabweretsa mawu ndi melody, njira imene mawu akuyendamo, imene mungayimbe ndi mluzu. Arranger amagawa ntchito: malipenga alowe pano, ma violin adikire mpaka apo. Pa My Girl ntchito imeneyi anagwira Paul Riser. Producer ndiye mwini chiweruzo. Amasankha nyimbo, woyimba, liwiro, ndi take imene isungidwe. Smokey ndi amene anaganiza zoti David Ruffin, amene mawu ake anali okhakhala pang'ono, atsogolere nyimbo yofewa chotere, anzake anayi azithira mang'ombe pambuyo. Mang'ombe amenewo, mawu osiyana kukwera kwake akumveka pamodzi mokoma, ndiwo harmony. Inatuluka mu Disembala 1964, n'kufika pa nambala 1 mu Malichi 1965.

Timvereko chapakati pake.

NYIMBO: My Girl, kuyambira pamene ma violin akuyimba okha mpaka woyimba atalowanso.

MUULUTSI: Mwamva ngati nyimbo yonse yanyamulidwa n'kuikidwa pamwamba pang'ono? Asintha kiyi, kuchoka pa C kupita pa D. Kumeneko ndi modulation, kapena key change. Akwaya mumachita zimenezi pa kolasi yomaliza mukafuna mpingo udzuke.

Chimodzi chimene chimandiwawa pa Motown ndi ichi. Jamerson, White, Benny Benjamin wa ng'oma, Earl Van Dyke wa piyano ndi anzawo, amene ankadzitcha Funk Brothers, anayimba pafupifupi m'nyimbo zonse zotchuka za kampaniyi kwa zaka zoposa khumi, koma maina awo sankalembedwa pa mbale. Oyimba olembedwa ganyu otere amatchedwa session musicians. Anthu padziko lonse ankavinira besi ya Jamerson osadziwa kuti kuli munthu wa dzina limeneli.

NYIMBO: Respect, Otis Redding, masekondi 30. Nthawi yomweyo Respect, Aretha Franklin, mphindi imodzi ndi theka.

MUULUTSI: Nyimbo imodzi, anthu awiri. Woyambayo ndi mwini wake, Otis Redding, amene anaipeka n'kuijambula mu 1965. Wachiwiri ndi Aretha Franklin pa 14 Febuluwale 1967 ku New York. Kuyimbanso nyimbo imene wina anatulutsa kale ndi cover version, ndipo iyi ndi imene ine ndimayezera ma cover onse. Aretha anali atakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku kampani ya Columbia, kumene ankamuyimbitsa nyimbo zosalala zosamuyenera. Atapita ku Atlantic, Wexler yemwe uja anamukhazika pa piyano kuti bandi izitsatira iyeyo. Pakamwa pa Otis, nyimboyi ndi ya bambo amene akubwera kunyumba ndi ndalama ndipo akufuna ulemu wake. Aretha sanasinthe mawu ambiri, koma poti tsopano wolankhula ndi mayi, ndipo sakupempha, nkhani yonse inatembenuka. Anawonjezera kuvomera kwa liwiro kwa mkulu wake Erma ndi mng'ono wake Carolyn, ndi malo aja pamene bandi yonse imaima iye n'kutchula zilembo za liwu lakuti respect chimodzichimodzi. Kuima kwadzidzidzi kotero ndi break. Pakati pamene woyimba wakhala chete saxophone ya King Curtis n'kulankhula yokha, pamenepo ndi solo. M'chaka chimene anthu akuda ankaguba m'misewu kufuna ufulu, ndiponso amayi akufuna wawo, nyimboyi inakhala ya onsewo.

Mungafunse kuti nanga ndalama zinkapita kwa yani. Pansi pa dzina la nyimbo pa mbale pamakhala dzina la wopeka, ndipo pamenepo panakhalabe Otis Redding. Malipiro amene amabwera nyimbo ikagwiritsidwa ntchito ndi royalty, ndipo ku America wailesi zowulutsa mumlengalenga zimalipira wopeka ndi kampani yosunga nyimbo zake, osati woyimba. Choncho nthawi zonse Respect ya Aretha ikalira pa wailesi za kumeneko, ndalamayo inkalowera ku mbali ya Otis. Achinyamata amene mukuyamba kujambula, mvetsetsani pamenepa musanasaine pepala lililonse.

Otis mwiniyo sanakhalitse. Pa 10 Disembala 1967 ndege yake inagwera m'nyanja ya Monona pafupi ndi mzinda wa Madison, iye ali ndi zaka 26. Masiku ochepa m'mbuyo mwake anali akumalizitsa nyimbo iyi.

NYIMBO: The Dock of the Bay, Otis Redding. Ilire yonse.

MUULUTSI: Ndailola kuti ithe chifukwa mamangidwe ake amaoneka bwino. Ndime imene ikufotokoza nkhani, mawu ake n'kumasintha ulendo uliwonse, ndi verse. Chigawo chobwerera ndi mawu omwewo ndi chorus, kolasi imene tonse timaidziwa. Itatha kolasi yachiwiri, mwamva nyimbo ikupatuka, ma chord, mamvekedwe angapo olira pamodzi, asintha, Otis wakweza mawu ngati munthu amene zamukwana, kenako n'kubwerera mwakale. Kachigawo kopatukako, kamene kamabwera kamodzi kokha, ndi bridge. Ntchito yake ndi kuchotsa khutu panjira imene lazolowera kuti ndime yomaliza imveke yatsopano. Kumapeto Otis akuyimba mluzu, mawu n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kuzimiririka. Kumeneko ndi fade-out, ndipo amachita ndi injiniya pa makina, bandi idakali kuyimba. Mafunde ndi mbalame za kunyanja zija anaziwonjezera Steve Cropper mnzake atamwalira kale, pa ntchito yotchedwa mix, yolinganiza kuti chida ichi chimveke chotere, icho chotere. Inatuluka mu Januwale 1968, ndipo inakhala nyimbo yoyamba ku America kufika pa nambala 1 woyimba wake ali kumanda.

Mawu ena awiri tingowadutsa mofulumira. Mwamuna akamayimba ndi timawu tapamwamba topyapyala, topitirira pamene mawu ake a pachifuwa amalekezera, ndi falsetto. Mverani Curtis Mayfield wa ku Chicago, Eddie Kendricks wa Temptations, kapena Al Green pa Let's Stay Together ya 1971. Ndipo nyimbo yodekha yachikondi ndi ballad. When a Man Loves a Woman ya Percy Sledge, ya 1966, ndi ballad imene simungaiwerenge bwino ndi wani mpaka folo. Yesani kuwerenga mpaka sikisi, mukutsindika pa 1 ndi pa 4, muona ikukhala bwino. Oyimba amati six-eight, ndipo ndi mayendedwe a nyimbo zambiri zauzimu zodekha. Sledge anakondedwa kwambiri ku South Africa, moti anakayimbako mu 1970.

NYIMBO: What's Going On, Marvin Gaye. Mphindi imodzi ndi theka.

MUULUTSI: Kodi mwamva anthu angati akutsogolera nyimboyi? Awiri, koma onsewo ndi Marvin Gaye. Pofika 1970 makina anali atakula. Tepi imodzi inkakhala ndi mizere ingapo, ma track, ndipo munthu ankatha kujambula mawu atsopano pamwamba pa zimene zajambulidwa kale, zakalezo osafufutika. Kumeneko ndi overdub. Marvin anayimba nyimboyi kawiri, n'kupempha mainjiniya kuti amukonzere zonse ziwiri asankhepo imodzi. Pomuseweretsera, ziwirizo zinalira pamodzi, iye n'kuzikonda choncho. Kuyambira pamenepo anazolowera kudziyankha yekha, ndipo call and response ya kutchalitchi ija inakhala munthu mmodzi akukambirana ndi mtima wake. Saxophone yotsegulirayo ndi ya Eli Fontaine, amene ankangotenthetsa chida chake osadziwa kuti chimenecho n'chimene chisungidwe.

Berry Gordy, mwini kampani imene Marvin ankajambulira, sanaifune nyimboyi. Inkakamba za nkhondo ya ku Vietnam, kumene mng'ono wake wa Marvin, Frankie, anali atabwerako, ndi za apolisi omenya achinyamata ochita zionetsero, ndipo Gordy ankaona kuti zimenezi ziwononga msika. Marvin anakana kujambula china chilichonse mpaka inatuluka mu Januwale 1971, n'kugulidwa kwambiri. Chimbale chonse chinatsatira mu Meyi, nyimbo zake zolumikizana popanda mpata, zonse pa nkhani imodzi, chimene amachitcha concept album. Ndipo pa chikuto chake, maina a Jamerson ndi anzake aja analembedwa.

Watsala munthu mmodzi amene sitingamulumphe, ngakhale kuti iye ndiye anatsegula khomo lotulukira mu soul. Bwererani ku kuwerenga kwathu kuja. Tinati mphamvu ili pa 2 ndi pa 4. James Brown anaisamutsira pa 1. Kuyambira pa Papa's Got a Brand New Bag ya 1965, makamaka pa Cold Sweat ya 1967, bandi yonse imagwera pamodzi pa kugunda koyamba kwa bar, kumene iye ankakutcha the one, ndipo pakati ponsepo gitala, besi ndi malipenga zimamenya m'mipata ya pakati pa manambala, pamene khutu silikuyembekezera. Kumenya m'mipata kumeneko ndi syncopation. Ma chord anawachepetsa mpaka bandi inkatha kukhala pa chord imodzi kwa nthawi yaitali ikuzungulira pomwepo, iye akukuwa, kuvina ndi kulamula. Kuzungulira pamalo amodzi koteroko ndi vamp. Chida chilichonse chinasanduka ng'oma, ndipo nyimbo zoterezi zinapatsidwa dzina lakelake, funk. Anali bwana wovuta, wodula malipiro a woyimba amene waphonya pa siteji, koma bandi yake inali yakuthwa chifukwa cha zomwezo.

Omvera a ku Zambia, ena mwa makolo anu anamuona ndi maso, pakuti kumapeto kwa 1970 anadzayimba ku Nigeria ndi ku Zambia, ndipo achinyamata amene anapanga nyimbo za Zamrock m'zaka zotsatira anatengako zambiri kwa iye. Mu 1974 anabweranso ku Africa, ku Kinshasa, pa chikondwerero cha nyimbo chimene chinakonzedwa pokonzekera nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman. Wa ng'oma amene mumumve tsopanoyu ndi Clyde Stubblefield. Kachidutswa kake ka m'nyimbo ina, Funky Drummer ya 1970, kanadulidwa ndi kubwerezedwa m'nyimbo zambirimbiri za hip hop, ndipo kudula chidutswa cha mbale yakale n'kuchimangira nyimbo yatsopano ndiko amati sample. Achinyamata amene ndinakupemphani kuti musasunthe wailesi, ng'oma za bambo ameneyu munazimva kale.

Nthawi yathu yatha. Pamene Cold Sweat ikulira, werengani mpaka folo, mupeze 1, ndipo mukaipeza muone ngati mungaigwire osaitaya pamene saxophone ya Maceo Parker ilowe.

NYIMBO YOTSEKERA: Cold Sweat, James Brown. Ilire mpaka nthawi itakwana.